Jekete la Malume a Kambwiri

Kambwiri, kalaliki wa pa kampani ina yogula fodya, anali ndi malaya oyera awiri, mathalauzi awiri ndi jekete limodzi lakuda. Ankangosintha tayi, koma alendo akafika ankayamba kupatsa moni iyeyo, kumuyesa bwana. A Chikakwiya, bwana weniweniyo, zinkawawawa, pakuti masuti awo khumi ankawakhala ngati matumba a chimanga.

Tsiku lobwera akuluakulu a kampani, a Chikakwiya anamuitana anthu onse akuona.

"Iwe Kambwiri, vula jekete limenelo. Kuyambira lero ndi langa. Ukakana, chipata ndi icho."

Kambwiri anavula mwaulemu, nawaveka yekha, n'kuwakonza kolala. Kenaka anabwerera m'mbuyo, nagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndendende malume!"

"Malume ako atani?"

"Ndi mmene anaonekera m'bokosi, bwana. Tinawavula tisanakhomere chivundikiro, poti jekete linali lidakali latsopano. Ine sandivutitsa kwenikweni, ndine mphwawo. Amangobwera kutulo kudzafunsa amene walivala."

A Chikakwiya, omwe ankanyoza anzawo tsiku lililonse kuti ndi okhulupirira zamizimu, analimbana ndi jekete lija ngati muli njuchi. Mkono unakanirira, iwo n'kumazungulira pakhonde akukuwa kuti, "Ndivuleni! Ndivuleni!" Galimoto ya akuluakulu inaima pomwepo.

Kambwiri anawavula modekha, nalikung'untha fumbi, nalivala, n'kupita kukalandira alendo.

Loweruka anakacheza kwa malume akewo, omwe anamusankhira jekete lija pa kaunjika wawo. Atawafotokozera zonse, awiriwo anaseka mpaka kutsamwa.