Mphalapala Imene Inasamutsa Chikhawo

Kalekale, nyama zisanathe m'nkhalango ya Dzalanyama, m'mudzi wa makolo athu kuseri kwa phirilo munali munthu wina dzina lake Chikhawo. Ameneyo ndiye gogo wa agogo anga, ndiye muzu wanu nonsenu. Khalani pansi bwino, nkhani iyi si yomvera choimirira.

Chikhawo anali mkamwini, wobwera kudzakwatira mtsikana wa m'mudzimo dzina lake Nankhoma. Mukuudziwa inu moyo wa mkamwini wa masiku amenewo? Nyumba amanga yekha, koma si yake. Munda alima yekha, koma si wake. Ana abereka yekha, koma ndi a kuchikazi. Akalakwa pang'ono ankangomutulutsira mphasa yake panja, basi ulendo wa kwawo.

Koma munthuyu anali ndi maso. Phazi la nyama ankalizindikira ngakhale pa nthaka youma gwa. Choncho anthu anamupempha kuti azitsogolera uzimba, kusaka kwa mudzi wonse kuja, kwa agalu ndi mikondo. Wotsogolera uzimba ndiye ankaweruzanso za nyama, ndipo mwambo unali wakuti wolasa koyamba ndiye mwini nyama, womaliza amangolandira mwendo.

Inu a lero bwenzi mutaulumphira udindowo anthu asanamalize n'kuomba m'manja komwe. Chikhawo ayi. Anapempha masiku atatu. Pa tsiku lachitatu anafika pabwalo nati:

"Ndadzifunsa ndekha, ndapeza zinthu ziwiri zimene sindingasiye. Chimene maso anga aona, ndi chomwecho chimene ndidzanene, kaya chikomera ndani. Ndipo pogawa nyama, ine ndizitenga pomaliza. Ngati mukumufuna munthu wotero, ndavomera."

Anthu anati, "Zabwino zedi zimenezo." Nanga ndani amakana chilungamo chisanafike pakhomo pake?

Zaka zinayi zinayenda bwino. Chaka chachisanu, chimanga chitapsa ndi dzuwa, agalu anadzutsa mphalapala yaikulu. Woyamba kuilasa anali Kafanikhale, wobwera mnzake, munthu wosauka wopanda womulankhulira. Mkondo wake unalowa pantchafu. Nyama inathawa ikutsimphina n'kukagwera pamene panaima a Kapalamula, atsibweni ake a Nankhoma, mwini mbumba yonse. Iwo anaimaliza ndi mkondo wapakhosi, n'kuiponda ndi phazi.

"Yanga iyi," anatero a Kapalamula. "Mkamwini, nena anthu amve."

Kafanikhale yemwe, pochita mantha, anati, "Asiyeni atenge akuluwa, ine mwendo undikwanira."

Mwaiona njira yophweka? Mwini nyama wagonja yekha. Chikhawo akanangogwedeza mutu, ndani akanamunena? Ine pano, ndisakunamizeni, ndikanagwedeza.

Chikhawo anagwada, naomba m'manja mwaulemu, nati, "Apongozi, ndinu bambo anga muno, ndimadya za m'munda mwanu. Koma ndinaona mkondo wa Kafanikhale ukulowa poyamba. Akafuna kukupatsani, akupatseni monga mphatso yake. Zoti ine ndinene kuti munalasa koyamba ndinu, sindingathe."

"Wayang'ana bwino?"

"Ndayang'ana bwino, apongozi."

"Ukapeza katundu wako panja."

Anagawa nyama monga mwa masiku onse, iye n'kutenga pomaliza. Pofika kumudzi dzuwa likupendeka, anapezadi mphasa, khasu ndi nkhwangwa zili pabwalo. Nankhoma anali pamtondo, akusinja.

"Nankhoma, ine ndikupita," anatero Chikhawo. "Ana ndi a kuno, uwasunge bwino."

"Mwawanamizira atsibweni?"

"Ayi."

"Nanga mukananama, bwenzi mphasayi ili m'nyumba?"

"Bwenzi ili m'nyumba."

Nankhoma anatsamiritsa musi pakhoma, napita kukagwada pamaso pa a Kapalamula.

"Atsibweni, mwamuna wonama chifukwa choopa inu, mawa adzandinamiza ine chifukwa choopa wina. Uyu ndikumudziwa pamene waima. Ndikumutsata."

Kodi munamvapo mkazi wa nthawi imeneyo akusiya mudzi wa amayi ake popanda chilolezo cha mwini mbumba? A Kapalamula anati, "Ukatuluka muno, manda a amayi ako usadzawaonenso."

Analira Nankhoma, analira kwambiri, pakuti amayi ake anali atangoikidwa kumene chaka chomwecho. Koma anabereka khanda kumbuyo, ana awiri akulu nawatsogoza. Iye ndi Chikhawo anayenda masiku awiri, mapazi otupa. Tsiku lachitatu Kafanikhale, atasenza nyama yofutsa, anawapeza, ndipo m'mbuyo mwake munali mabanja ena atatu amene anati sangasakenso ndi woweruza wina. Anadula mitengo pano pamene takhalapa, namanga tinyumba tisanu.

Musaganize kuti zonse zinakoma. Chaka choyamba anadya masuku ndi bowa. Nankhoma anakalamba n'kumwalira kuno, kwawo sanapondekonso. Koma dothi limene mukulimali, madzi amene mukumwawa, dzina labwino limene mumapeza likukudikirani kulikonse mukati ndinu a kwa Chikhawo, zonsezi munazipeza zaulere chifukwa cha anthu awiri amenewa. Ine mtima wanga umathokoza tsiku lililonse.

N'chifukwa chake ife kwathu kuno udindo sitiuvomera tsiku lomwelo, kaya ndi wa kutchalitchi, kaya ndi wa kalabu ya alimi. Timayamba tadzifunsa kuti ndi chiyani chimene sitingasiye ngakhale atithamangitse, n'kuchinena poyera mavuto asanafike. Ndipo timawauzanso a m'nyumba mwathu, chifukwa tsiku loipa likadza, oyenda nawe pansi ndi iwowo.

Mukadzandiona ndikudutsa pamsitu wa manda paja ndikuvula chipewa kawiri, musadzati nkhalambayi yasokonezeka. Koyamba ndimavulira mwamuna amene anakana kunama. Kachiwiri ndimavulira mkazi amene anamutsata akulira.