Mitondo Yopanda Kanthu ya kwa Msatero

Ana inu, khalani bwino. Zimene ndikuuzeni pano ndi zoona zokhazokha, pali Mulungu kumwambaku! Ndikanama ngakhale mawu amodzi, mphenzi indiwombe dzuwa likuswa mtengo, mbuzi zanga zonse zibereke abakha. Sukulu ndinalekera panjira, inde, koma maso sindinawasiye m'kalasi. Ena adzakuuzani kuti mwambi wa lerowu ndi wakale kuposa njinga. Asiyeni. Ine ndinalipo pomwe unkabadwa, ndipo nyama yake ndinadyako chiboda.

Kuseri kwa phiri la kwathu kuli mudzi wa Msatero. Anthu a kumeneko anali ofatsa mochititsa mantha. Moni ankapatsana ndi nsidze. Atambala awo ankalira monong'ona, moti kunkacha eni ake osadziwa. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti za pakhomo pa mnzako si zako. Mwana akalira mopitirira panyumba ina, amayi onse ankathamangira mitondo yawo n'kuyamba kusinja, chonsecho mulibe ndi njere imodzi yomwe. Gu! gu! gu! mpaka kulirako kutazilala. Iwo ankati umenewo ndiye ulemu: usamve, kuti mnzako asachite manyazi. Mitondo ya kwa Msatero inkabooka pansi chaka ndi chaka, ufa wosaoneka.

M'mudzimo munali kamtsikana dzina lake Msatida. Mayi ake atamwalira, anamutenga ndi malume ake, a Gwedeza. Pagulu a Gwedeza anali munthu wa mano panja, woseka ndi aliyense, koma pakhomo chinali chilombo. Anamusiyitsa sukulu mwanayo kuti azilondera chinangwa, pakuti kunali nguluwe ina imene inkafukula minda. Nguluwe ikadya, wokwapulidwa anali Msatida. Akatapako ndiwo chifukwa cha njala, ankamugwira dzanja n'kulisendeza pamoto. N'chifukwa chake ankayenda atabisa dzanja lamanja m'nsalu.

Oyandikana nawo anali a Nagama, mayi wamasiye. Iwowa ankasinja mwamphamvu kuposa onse, misozi ili chuchuchu, ndipo akatha ankamupatsira mwanayo mbatata pachiboo cha mpanda. Mumtima ankati, "Wodziwa zimenezi ndine ndekha. Ndikayankhula, ndani andimvere?"

Tsiku lina kunafika mlendo pa njinga, Mayi Nachisale, amene ankayenda m'midzi kuphunzitsa anthu za kuteteza ana. Mawu awo anali aakulu, moti atangoti "Muli bwanji nonse?" mango osapsa anayoyoka mumtengo. Anasonkhanitsa mudzi wonse n'kuyamba kuphunzitsa. Anati kulangiza mwana ndi kumuzunza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Anati mwana wozunzidwa samanena ndi pakamwa: amabisa mabala, amadzidzimuka ukangokweza mkono, amasiya kusewera ndi anzake. Anawauzanso kumene angakanene, ndi kuti wonenayo sakhala wolakwa.

Anthu ankangogwedeza mitu mpaka makosi kuwawa.

"Nanga muno muli mwana wotere?" anafunsa Mayi Nachisale.

Ndiye anayankha a Gwedeza, amene anakhala kutsogolo kwenikweni.

"Zimenezo n'za kutauni, mayi. Kuno ana timawasunga ngati mazira."

A Nagama anangoyang'ana zala zawo za kuphazi.

M'mawa wa tsiku limene mlendoyo ankanyamuka, amuna anapita kukasaka nguluwe ija. Kusaka kwake kwa kwa Msatero, ana inu, musaseke. Ankayenda monyang'ama, agalu atawamanga pakamwa ndi luzi kuti asasokose. Anafika pathengo, anakhala mozungulira, n'kumadikira. Amayi anali chapatali ndi malichero opanda kanthu. Mayi Nachisale podutsa ndi njinga yawo anaima, n'kupeza mkulu wina, a Chikadza, atakhala pa chulu mkondo uli pamwendo.

"Abambo, mukudikira chiyani?"

"Tsitsani mawu, mayi," ananong'ona a Chikadza. "Tikudikira nyama idzuke."

"Idzuka bwanji pomwe mukuigoneka ndinu?"

Pompo Mayi Nachisale anagwira galu wa a Nagama, wa miyendo itatu, dzina lake Ndatopa, n'kumumasula luzi. Anakoka mpweya n'kukuwa monga amachitira alenje akwawo potuma agalu: "Suyo! Suyo!"

Ndatopa anauwa koyamba chibadwire, mpaka anadzidabwa yekha. Ndiye chulu chija chinadzuka! Sichinali chulu ayi, inali nguluwe imene, yopaka matope thupi lonse. A Chikadza anaikhalira kuyambira m'mawa. Inathamanga nawo ali pamsana, atagwira makutu, akuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Anzawo anaithamangitsa n'kuibaya kumapeto kwa dimba.

Mayi Nachisale anakwera njinga yawo, natembenukira kwa amayi aja.

"Mwaona? Chilombo chimakonda chete. Mukamachinyang'amira, ndiye kuti mukuchifunditsa bulangete. Ine ndili kutsidya kwa mtsinjewu, mukandifuna."

Sanaloze munthu. Anangopalasa n'kumapita.

Masana nyama inagawidwa, khomo lililonse nthuli yake. Posakhalitsa, kulira kunamveka kwa a Gwedeza. Msatida anali atanyemako kachidutswa. Mitondo inayamba monga mwa nthawi zonse: gu! gu! gu!

A Nagama ananyamula munsi wawo. Anaukweza m'mwamba, koma manja anakana kutsika. Anayang'ana mumtondo, mbee, mopanda kanthu. Anayang'ana Ndatopa, amene anali akuuwabe chiuwire moyang'ana mpanda. Anauponya uko munsiwo. Atatsegula pakamwa, panayamba kutuluka dzimbiri lokhalokha, pakuti kukhosi kumeneko kunali kusanakuwepo chiyambire. Kenako mawu anatuluka.

"Suyo!"

Mtondo umodzi unaleka. Wina unalekanso. Kuseri kwa khola kunayankha mayi wina, a Naliwa: "Suyo!" Posachedwa mudzi wonse unali m'njira, amayi patsogolo, amuna pambuyo, mpaka pakhomo pa a Gwedeza.

"Odi kuno!"

A Gwedeza anatuluka chikuni cha moto chili m'manja, akuyesa kumwetulira.

"Kodi alamu, phokosoli n'la chiyani? Mwanayu ndi wa mlongo wanga, ndikungomuphunzitsa mwambo."

"Mwambo wake wa pamoto?" anatero a Nagama, osabwerera m'mbuyo. "Ponyani pansi chikunicho."

"Za pakhomo panga n'zanga."

"Zinatuluka kale, achimwene," anatero a Chikadza akutsimphina. "Zikuyenda m'mudzi muno zitakulungidwa m'nsalu."

A Gwedeza anayang'ana uku ndi uku kufuna wowaikira kumbuyo. Panalibe. Chikuni chinagwa pansi.

A Nagama anagwada pakhomo. "Msatida, mwana wanga, tuluka. Sunalakwe iwe. Bwera kuno."

Mwanayo anatuluka pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhope zonsezo, n'kuvundukula dzanja lake yekha. Anthu anagwira pakamwa.

"Ine ndinkamupatsira mbatata pampanda," anatero a Nagama.

"Inunso?" anadabwa a Naliwa. "Ine ndinkamusiyira nthochi kuchitsime."

"Ine mafuta a nsatsi oti azipaka," anatero wina kumbuyo.

Kunapezeka kuti mudzi wonse unkadziwa, koma aliyense ankayesa ali yekha.

"Mbatata zathu zinali zabwino," anatero a Nagama, "koma sizinazimitse moto."

Tsiku lomwelo anamutengera Msatida kuchipatala, ndipo ena anaoloka mtsinje kukaitana Mayi Nachisale. A Gwedeza anakayankha mlandu wawo kwa apolisi. Msatida anakhala kwa a Nagama n'kubwerera kusukulu. Dzanja linapola. Zipsera zinatsala, koma cholembera linagwira bwinobwino.

Anthu a kwa Msatero sanalekere pomwepo. Anasankha gulu lawo, amayi ndi abambo, n'kuyamba kuyenda m'midzi yoyandikana kukaphunzitsa anzawo. Kulikonse kumene ankapita ankasenza mtondo umodzi wobooka, n'kuukhazika pakati pa bwalo. Anthu akafunsa kuti mtondowu wabooka ndi chiyani, phunziro linkayambira pomwepo. Lero amene amausenza ndi Msatida mwini wake, ndipo mawu ake amayoyolanso mango.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunena kuti, "Chetechete sautsa nyama, autsa nyama ndi suyosuyo." Tanthauzo lake n'lakuti choipa sichichoka pochikhalira chete. Chimachoka wina akatsegula pakamwa, ndipo kawirikawiri amapeza kuti anzake ankangodikira woyamba. Ndiye inu, wina akamakupwetekani, kapena kukugwirani mosayenera n'kukuopsezani kuti musanene, kaya mwaona mnzanu akubisa bala, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Akapanda kumva, uzani wina. Ameneyonso akathamangira mtondo, pitani kwa aphunzitsi, pitani kuchipatala, mpaka chulu chidzuke.

Zonsezi n'zoona monga ndinalumbirira. Atambala aja, dzimbiri lija, a Chikadza pamsana pa nguluwe, ndinaona ndi maso angawa. Kupatula pa galu paja. Ndatopa anali ndi miyendo inayi yonse. Umodziwo ndangomuchotsera ine kuti nkhani ikome.