Kathebulo ka Laputopu ya Apongozi

Panali munthu wina ku Mponela, dzina lake Yotamu. Ankakhala chikamwini pakhomo pa apongozi ake aakazi, a Nangondo, pamodzi ndi mkazi wake Enelesi. Ulemu wa Yotamu unali wakale uja. Akakumana ndi apongozi panjira ankapatuka. Akamalankhula nawo ankanjuta chapatali, maso ali pansi. Kuchipinda kwawo ndiye sankayandikirako n'komwe. Amayi a pamjigo ankamutama, ati mkamwini ndi ameneyo.

A Nangondo anali mphunzitsi wa kusekondale. Tsiku lina anagwa pa kabaza, fupa la msana n'kuchita mng'alu. Dokotala sanawabisire. Anati, "Mayi, mukagone. Mukafuna kukhala tsonga mutsamire mapilo, msana uli chowongoka. Mukamawerama fupali lipola lokhota, ndipo simudzayendanso mowongoka."

Koma mayeso a Folomu 4 anali atayandikira, ndipo a Nangondo sanali munthu wosiya ana panjira. Ankalemba maphunziro pa laputopu ali pabedi n'kumatumiza kusukulu. Laputopuyo ankaiika pamiyendo, pamwamba pa bulangete. Kuti aone zimene akulemba ankapinda khosi, msana n'kutsatira. Nayo laputopu, posowa popumira m'bulangetemo, inkatentha ngati mbaula.

Enelesi atamufotokozera mwamuna wake, Yotamu sanachedwe. Anakwera minibasi ya ku Lilongwe n'kukalowa m'sitolo ya zamakompyuta. Kumeneko maso ake anagwera pa choikapo laputopu chachitsulo, chonyezimira, cha mwendo umodzi. Anachiyesa pakauntala, chinaima nji. Anagula. Sanaganize kuti kauntala ndi matiresi n'zosiyana.

Atafika anapatsira mkazi wake pakhomo la chipinda. M'mawa mwake ananjuta panja pa chitseko n'kufunsa, "Amayi, chipangizo chija chikukuthandizani?"

"Chikuthandiza, bambo. Mwagwira ntchito."

Linali bodza lamkunkhuniza. Chitsulocho chinkapendekeka a Nangondo akangotsokomola, ndipo laputopu inatsala pang'ono kugwa pansi. Anachikankhira pansi pa bedi n'kubwerera ku bulangete lawo. Enelesi anafuna kuulula, koma amayi ake anamudula. "Usayerekeze. Mwana wa eni wandivutikira mpaka kutauni, ndiye ukufuna ndimuchititse manyazi?"

Masiku anapita. Yotamu akamadutsa pawindo ankamva kubuula. Zinkamuwawa mumtima, poti apongozi akewo ankawakonda ngati mayi ake omubereka. Anaganiza kuti mwina chitsulo chimawazizira m'manja. Anapita kwa kalipentala kukakhometsa kathebulo kamatabwa. Kalipentala atafunsa muyeso, Yotamu anakhala pampando, nadziyeza yekha. Tsono Yotamu anali chimunthu chachitali, chowonda. A Nangondo anali aafupi, athupi lawo. Kathebulo kanatuluka kokongola, kopaka vanishi, koma kakatali ndiponso kopapatiza. Miyendo yake inali yosongoka, yolowa m'matiresi.

Ananjutanso pachitseko. "Nanga akaka, amayi?"

"Kali bwino kwambiri, bambo. Mulungu akudalitseni."

Taonani anthu awiri abwino, aliyense kulemekeza mnzake, fupa lili pakati likukhota. Akulu anati manyazi anapha lambe, ndipo pakhomo pamenepa anatsala pang'ono kupundula mphunzitsi.

Tsiku lina Yotamu akuchokera kumunda anazungulira kuseri kwa khitchini. Anapeza kathebulo kake kali padzuwa, pamwamba pake atayanikapo mbale. Pambali pake panali chitsulo cha ku Lilongwe chija, atakolekapo chinkhupule. Pomwepo Yotamu anaitana mkazi wake.

Enelesi sanachite mantha. Anati, "Amayi anandiletsa kulankhula. Kuyanika mbale sanandiletse." Anapukuta manja pachitenje n'kuwonjezera, "Dzulo tinali kuchipatala. Adokotala ati fupa layamba kupendekeka."

Yotamu analowa m'khola, nagwira tambala wake wamkulu, nauza mkazi wake kuti amutsate. Pachitseko cha apongozi, ulendo uno sananjute chapatali. Anagwada pafupi n'kuomba m'manja.

"Amayi, ndabwera ndi tambala uyu kudzapepesa mlandu umene sindinapalamule, koma ndikufuna kupalamula tsopano. Ndikupempha ndilowe."

M'chipindamo a Nangondo anati, "Mkamwini kuchipinda kwanga? Anthu adzati chiyani, bambo?"

"Adzalankhula, amayi. Koma akadzakuonani mukuyenda chowerama adzalankhulanso, ndipo pamenepo sipadzakhala chokonza."

Mawu a Nangondo anamveka, otsika. "Enelesi, dzandifunditse bwino. Lowani, bambo."

Yotamu analowa. Zimene makutu ake sanamve masiku onse aja, maso ake anaona nthawi yomweyo. Anaona matiresi ofewa, olowa m'kati. Anaona mapilo atasanjidwa kumsana. Anaona laputopu itamira m'bulangete, ndi apongozi ake atapinda khosi ngati munthu wosankha mpunga. Misozi inalengeza m'maso mwake, koma sanataye nthawi.

Anatulutsa chingwe m'thumba n'kupatsa mkazi wake. Iye apongozi sanawakhudze. Anangoti, "Amayi, tsamirani mmene ananenera adokotala, manja muwaike pamene sakuwawa." Enelesi anayeza kuchoka mbali ina ya amayi ake kufika mbali inayo, Yotamu n'kumanga mfundo. Anayeza kuchoka pamatiresi kufika pazigongono, n'kumanga mfundo ina. Pomaliza Yotamu ananyamula laputopu m'manja, n'kumaikweza ndi kuipendeketsa pang'onopang'ono mpaka a Nangondo anati, "Pamenepo. Ndikuona osawerama."

M'mawa mwake anabwerera kusitolo kuja ndi chingwe chake, pilo ali m'khwapa. Wogulitsa anamulozera zonyezimira zina zatsopano. Yotamu anapukusa mutu. Anaika pilo pansi, nakhala pasimenti atatambasula miyendo, n'kumayesa kathebulo kalikonse ndi mfundo zake. Ogula anzake ankaseka, ena mpaka kumujambula ndi foni. Iye analibe nazo ntchito. Kamene miyendo yake inalowa m'pilo anakakana. Kamene kanali kopapatiza kuposa chingwe anakakana. Anasankha kena kosaoneka bwino kamene kanali pakona, fumbi lili mbuu. Miyendo yake inali yotambalala, yaphanthiphanthi pansi. Pamwamba pake pankapendekeka mmene munthu wafunira, panali timabowo topumira laputopu, ndi kamtanda kotchinga kuti isatsetsereke.

Atakapereka sanafunsenso kuseri kwa chitseko. Analowa ndi mkazi wake, nakaika pabedi, naonerera a Nangondo akulemba tsamba lathunthu msana uli chowongoka. Atakhutira anatuluka chafutambuyo.

Pamjigo nkhani inafika, inde. Omwe aja ankamutama anayamba kunong'onezana kuti mkamwini wa a Nangondo wataya mwambo. Yotamu anamva, ndipo zinamupweteka. Koma mvula itayamba, m'mawa wina amayi a pamjigowo anatula zidebe n'kuyang'ana kumsewu. A Nangondo ankapita kusukulu wapansi, laputopu ili m'chikwama, msana uli nji. Panjirapo anakumana ndi Yotamu. Yotamu anapatuka n'kunjuta chapatali, maso ali pansi, monga kale. A Nangondo anaima, namuyang'ana, n'kunena mokweza kuti a pamjigo amve, "Mwadzuka bwanji, mwana wanga?"

Tsono inu amene mukundimvera, akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'zoona. Koma alipo odwala ena amene sadzatsekula, chifukwa akukulemekezani. Mukawafunsa kuseri kwa chitseko adzati zili bwino mpaka fupa litakhota. Mukafuna kuthandiza munthu, musayese thandizo lanu pathupi lanu, kapena pakauntala ya m'sitolo. Pemphani kulowa, mwaulemu, mukaone pamene wagona. Kwanu kuli munthu wina amene wakhala akukuyankhani kuti zili bwino. Mukumudziwa. Lero mukagogode.