Khonde la Magalasi

Panali munthu wina amene ankasunga nyumba yogona alendo pa kaboma kena kakale. Nyumbayo anaimanga agogo ake, nthawi imene anthu ankayenda pansi masiku atatu kukagulitsa fodya. Zipupa zake zinali zokhuthala, za njerwa zootcha, denga lalitali la malata, ndipo khonde linazungulira mbali zonse ngati mlomo wa chipewa. Wodutsa ankausapo mvula. Wotopa ankatulapo katundu n'kukuwa kuti, "Odi kuno!"

Msewu watsopano utalambalala kabomako, alendo anachepa. Kenako mkazi wake anamwalira, iye n'kutsala yekhayekha ndi zipinda zisanu ndi zitatu zopanda anthu. Anali ndi mng'ono wake mmodzi. Awiriwa anakangana pa maliro a bambo awo, mng'onoyo n'kuchoka osatsanzika, ndipo panapita zaka makumi awiri. Ameneyu ndiye ankamudikira. Tsiku ndi tsiku ankamusesera chipinda, kuti mwina abwera.

Komatu munthu ukakhalitsa wekha, umayamba kusamala zinthu ngati anthu. Fumbi likadetsa simenti yofiira ya agogo ake, mtima unkamupweteka. Mbuzi nazo zinkagona pakhondepo. Basi anaitana amisiri, natseka khonde lonse ndi magalasi. Kukongola kwake, eee, musanene! Fumbi silinalowenso. Mawu a panja nawo sanalowenso.

M'mawa wina, mayi wogulitsa nthochi patsidya pa msewu anabwera kudzamenya galasi ndi chikhatho.

"Bambo inu, mtima wanuwo ndi mwala kodi? Dzulo masana panafika munthu wa imvi, nkhope ngati yanu yomweyi. Anaima apa, chipewa chili m'manja. Anachita odi katatu. Inu muli khale pampando, mutam'patsa nkhongo."

"Mayo! Sindinamve ine, mayi!"

"Ndinamuuza kuti agogode. Akuti, 'Kwa akulu anga ndigogode ngati wapolisi? Odi wanga aumva, koma sakuufuna.' Anakwera basi n'kumapita."

"Ananena kumene akukhala?"

"Ayi ndithu."

Tsiku lomwelo munthu uja anatenga nyundo, naphwanya magalasi onse. Anakhala pakhondepo mpaka kukalamba, fumbi likumukuta, khutu lili kumsewu. Mng'ono wake sanabwerenso.

Tsono inu amene mukundimva, ndimakudziwani bwino. Za m'bale amene munakangana naye mumati, "Ine ndilibe naye chifukwa, akabwera ndidzamulandira." Chabwino. Koma tayang'anani zimene mwamanga pakati pa inu ndi iyeyo, zokongola zomwe mukunyadira nazozo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo wobwera kudzapepesa amachita odi ndi mawu otsika, abale anga, ndipo sabwereza kachinayi.