Mkanjo wa Idi ndi Simbi ya Nasra

Aliyense wa mumzere wa nyumba zathu ku lokeshoni ya Highfield ankadziwa kuti m'nyumba ya bambo Hamudi wolakwa ndi mmodzi basi: Latifa. Anabadwa sabata yomwe bambo ake anachotsedwa ntchito kufakitale ya fodya, ndiye basi, dzina lake linasanduka Watsoka. Kapu ikasweka, Latifa. Mkaka ukawawasa, Latifa. Ngakhale mvula ikanyowetsa zovala, abale inu, Latifa yemweyo!

Mkulu wake, Nasra, zimenezi zinkamukomera ngati uchi. Iye akalakwa ankangoloza ndi mlomo, nkhani n'kuthera pa msana wa mng'ono wake.

Tsono imvani za tsiku loti mawa ndi Idi. Nasra anapatsidwa mkanjo woyera wa bambo ake, wopita nawo kumzikiti, kuti awusite. Wathira makala m'simbi, wakupiza, wayamba. Mwadzidzidzi mumsewu munadutsa anyamata oimba zitoliro akuchokera kumasitolo a ku Machipisa. Mtsikana uja miyendo inamuyabwa, simbi anaisiya pamkanjo pomwepo, liwiro kukavina. Pobwera anapeza chibowo pachifuwa penipeni, chakuda bii, choti nkhuku n'kudutsapo.

Bambo Hamudi atafika anabangula. "Ndani wachita izi?"

"Ndi Latifa, ababa," anatero Nasra, maso ali gwa. "Ndinamusiyira kuti ayang'anire."

"Ine ndinali kumpopi kutsuka mpunga!" analira Latifa, manja akadali onyowa. Amayi ake anauona mpunga uja, koma anangoyang'ana kukhoma. Lamba analira mpaka ife oyandikana nawo tinatseka mawindo.

M'mawa mwake kunabwera azakhali awo, mayi Salima a ku Bulawayo, kudzadya Idi. Mayi amenewo pakamwa mpeni! Ataona mikwingwirima m'miyendo ya mwana, anaika pansi mbale ya mpunga.

"Achimwene, mwanayu mwamulemba chonchi ngati mbidzi, walakwanji?"

"Ndi watsoka ameneyu. Chilichonse akakhudza chimawonongeka."

"Ndipatseni tsokalo ndikalisunge ine. Latifa, kamange katundu wako!"

Latifa anakwera sitima tsiku lachiwiri lake, atavala mpango watsopano wa azakhali. Nasra anavinavina pakhomo. Bulangete lonse lake, mbale ya nyama yopanda wolimbirana naye!

Sabata isanathe, bambo Hamudi anadzuka n'kupeza tayala la njinga laphwa, kuntchito akuchedwa. Maso awo anazungulira nyumba yonse kufuna wozolowereka uja, koma kunalibe. Anadzaima pa Nasra.

"Iwe! Wakhudza njinga yanga?"

"Ine ayi, ababa! Ndi minga ya mumsewu!"

"Ukundiyankha? Tsoka lija lakusiyira iwe eti?"

Nasra anatembenukira kwa amayi ake, koma amayi anali atayang'ana kale kwina. Mlomo wake unasongoka kuti uloze munthu, koma panalibe woloza. Tsiku limenelo ndiye anadziwa kulemera kwa lamba.

Lero mukamuona kumpopi, wayamba kufunsa aliyense kuti kalata ya ku Bulawayo imalembedwa bwanji. Akuti akufuna kupepesa. Atsikana timangomuthandiza kusenza ndowa, chifukwa akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.