Diso la Apongozi

Pachipatala cha maso chomwe ankayang'anira, onse ankamutcha Bambo Tayi, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, khosi lake silinkaoneka. Sanali dokotala, ntchito yake inali kugula zipangizo ndi kusaina mapepala. Koma atagula makina ochitira misonkhano ya pakanema, anayamba kuyenda ngati anawapanga yekha. Chipinda chosungiramo mipando yothyoka anachipaka utoto, n'kupachikamo sikirini yaikulu ndi kamera yotembenuka yokha kutsata amene akulankhula. Mlendo aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi, ankayamba waonetsedwa chipindacho.

Ndiye kunabwera apongozi ake, mayi a mkazi wake. Diso lawo lamanzere linafa kalekale, ndipo lamanja linali litayamba kuchita nkhungu. Dokotala atawapima, anati sangalikhudze disolo asanamve maganizo a katswiri wina wa kuchipatala chachikulu, kutali. Katswiriyo anavomera kuona zithunzi za mkati mwa diso pakanema Lachinayi m'mawa, poti madzulo ake ankanyamuka ulendo wa miyezi ingapo. Dokotala ananena mosabisa kuti disolo silingadikire miyezi imeneyo.

Lolemba, mayi woyang'anira makompyuta kuchipatala chachikulucho anaimba foni.

"Bambo, makina anu ndi a kampani ina, athu ndi a ina. Tiyeni tiyese mawa, tione ngati akumvana."

"Athu ndi atsopano, mayi. Pabokosi analemba kuti amalumikizana ndi ena onse."

"Pabokosi amalemba zambiri, bambo."

Mawu amenewo anamubaya. Mumtima anati anthu a zipatala zikuluzikulu ndi mmene alili, amaona ngati anzawo akadali m'tulo. Anayankha kuti watanganidwa, n'kudula foni.

Madzulo mkazi wake, akusita malaya, anafunsa ngati ayesa kale makinawo.

"Musandiphunzitse ntchito, inu."

"Sindikukuphunzitsani. Ndikungoti amayi diso latsala ndi limodzi."

Lachinayi linafika. Apongozi anawakhazika pampando wofewa, dokotala ali pambali ndi zithunzi za diso pakompyuta. Bambo Tayi anadina batani ndi chala chimodzi, mwaufumu. Nkhope ya katswiri inaonekadi pakhoma, mawu n'kumamveka bwino, ndipo iye anayang'ana mkazi wake ndi diso lakuti mwaonatu. Koma dokotala atatumiza zithunzi, katswiri anapukusa mutu.

"Ndikuona inu ndi tayi wanu, bambo. Za diso sindikuona kanthu, pangoda bii."

Anayesanso. Anazimitsa, n'kuyatsa. Anasolola chingwe, n'kubwezera. Makina awiriwo ankapatsana moni bwinobwino, koma kupatsirana zithunzi ankakana. Katswiri anayamba kuyang'ana wotchi, nati kunja kuli odwala ena akumudikira.

Apongozi, manja ali pamwendo, anafunsa motsitsa: "Kodi bambo, awona kale adokotalawo? Nditseke diso?"

Mayiwa anali asanamunenepo Bambo Tayi choipa chiyambire, ndipo ankauza aliyense kuti mkamwini wawo ndi amene adzawabwezere kuwala. Bambo Tayi anachita manyazi, komanso mantha enieni. Anatuluka pakhonde, namasula tayi, n'kuimbira mayi wa makompyuta uja.

"Mayi, ndinalakwa. Ndithandizeni. Wodwalayo ndi apongozi anga."

Mayiyo sanamukumbutse za Lolemba. Anangofotokoza kuti makina a makampani osiyana nthawi zina amagwirizana pa mawu ndi nkhope, koma pa zina aliyense amayendera yake. Kuti awiriwa amvane pafunika kukonza mbali zonse ziwiri, ndipo imeneyo si ntchito ya m'mawa umodzi.

"Lero lowerani kwathu ngati alendo. Muli ndi laputopu? Ndikutumizirani linki yolowera pamakina athu, ndipo ndipempha katswiri ayambe waona wodwala wina."

Bambo Tayi anathamangira ku ofesi, thukuta lili kamukamu, n'kukatenga laputopu yakale yomwe ankafuna kuitaya. Anaiika patebulo pansi pa sikirini yake yaikulu, yomwe tsopano inali itazima. Dokotala anakopera zithunzi, ndipo patapita kanthawi katswiri anabwerera, naweramira pafupi.

"Mtsempha uli moyo," anatero pomaliza. "Achiteni opaleshoni sabata ino. Amayi, mudzaona."

Mkazi wa Bambo Tayi anaphimba nkhope ndi manja. Apongozi anafufuza dzanja la mkamwini wawo mpaka analipeza, n'kuligwira.

"Mwavutika nane, bambo. Makina anuwa ndi abwino."



Sabata yotsatira, apongozi ali m'chipinda chogona odwala ndi bandeji kumaso, Bambo Tayi anakhala pafoni ndi mayi wa makompyuta masana onse, akufunsa ngati mwana wasukulu, mpaka makina awiriwo anayamba kupatsirana zithunzi. Kuchokera pamenepo, msonkhano uliwonse usanachitike amayamba waimbira a mbali inayo kuti ayese. Bandeji itachotsedwa, apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, nadandaula kuti mkamwini wawo waonda.

Mwayi wake unali wakuti anagogoda kwa anzake nthawi isanathe. Akanaumirira pang'ono pokha, chipinda chokongolacho chikanawasiya apongozi mumdima, pakuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.