Kuledzera Kopanda Mowa

Peterson Kamanga wa ku Bandawe anali katswiri wosoka maukonde. Kachasu anamusiya zaka ziwiri zapitazo, a chipatala atamuuza kuti chiwindi chake chawonongeka. Mkazi wake, Hannah Nyamanda, anali atamuchenjeza kuti akadzalawanso adzaona msana wa njira.

Lolemba lina Hannah akuyanika chinangwa pathandala, anaona mwamuna wake atavala malaya chotembenuza, akusoka ukonde wosang'ambika. Manja ankanjenjemera, mawu akutuluka mokoka.

“Mwayambiranso eti, a Kamanga?”

Peterson anamuyang'ana ngati mlendo, n'kumuitana ndi dzina la mlongo wake amene anamwalira kalekale.

Phillis, namwino wa ku Dedza amene ankakhala nawo moyandikana, anaima pampanda.

“Mayi, masowa achita chikasu ndipo mimba yatupa. Tiyeni nawo akawaone adokotala.”

“Mowa wa bambowa ndimaudziwa ndine,” anatero Hannah. “Zaka makumi awiri ndakhala ndikuukolopa. Ndikafunse chiyani?”

Masiku atatu Hannah sanamulankhule mwamuna wakeyo. Chakudya ankangomuikira pakhonde, iye n'kumapita kumunda. Peterson ankangogona masana onse, ndipo mkaziyo ankati ndi matsire.

Lachinayi m'mawa anamupeza atagwada kuseri kwa nyumba, akusanza magazi ngati mbuzi yozingidwa. Khasu linamugwa m'manja. Anakuwa kuitana anthu, ndipo anathamangira naye kuchipatala.

Ku chipatala cha Chintheche dokotala anakhazika Hannah pabenchi.

“Chiwindi chawo chauma gwa, magazi akulephera kudutsamo. Ndiye amafuna njira zina, mitsempha ya kum'mero n'kutupa mpaka kuphulika. Magazi olambalala chiwindiwo sasefedwa, zoipa zake zimakafika ku ubongo. N'chifukwa chake munthu amasokonezeka ngati waledzera.”

“Ndiye kuti sanamwe?”

“Matendawa safuna mowa watsopano, mayi. Mabala akale aja ndi okwanira. Kusokonezekaku kunayamba liti?”

“Lolemba.”

Dokotala anaweramitsa mutu, n'kulamula kuti wodwalayo atumizidwe msanga ku chipatala chachikulu.

Peterson anatsirizika ali mu ambulansi, asanafike ku Nkhata Bay. Pamaliro, asodzi anzake anachitira umboni kuti ngakhale pa phwando la ukwati ankakankha botolo n'kupempha madzi. Hannah anamva zonsezo ali kukamwa yasa, misozi osatuluka. Anali ataweruza mlandu asanaumve, namwino ali kuseri kwa mpanda wake womwe.

Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.